Tiwapatse Ana Mafunso Amene Yankho Lake Ndi "Sizingatheke"

Tengani timitengo titatu. Kena kakhale kotalika masentimita 3, kena 4, kena 8. Yesani kutilumikiza nsonga ndi nsonga kuti tipange thirayango, chija cha mbali zitatu ndi ngodya zitatu. Mutembenuza uku ndi uku mpaka nsima kuzizira, koma sizitheka. Tiwiri tating'onoto, ngakhale mutatigoneka motsatana pamwamba pa kakakulu kaja, tingofika masentimita 7, ndipo patsala mpata wa sentimita imodzi umene palibe angautseke. Lamulo lake ndi lalifupi: mukaphatikiza kutalika kwa mbali ziwiri zilizonse za thirayango, kuyenera kuposa kutalika kwa mbali yachitatu. Kukachepera, nsonga sizikumana. Kukangofanana ndendende, monga 3, 4 ndi 7, nsonga zikumana koma timitengo tonse tagona pamzere umodzi, ndipo thirayango palibe.

Lamuloli limatenga mzere umodzi m'kope. Ambiri a ife tinalilemba, tinaliloweza, tinaliyankha pa mayeso, kenako n'kuliiwala. Koma ife amene tikuphunzira ntchito ya uphunzitsi tikuona kuti likuchepetsedwa, ndipo chimene chimatayika tikalithamangira si masamu okha. Takumbukirani mafunso onse amene tinkapatsidwa: jambulani thirayango ABC, mbali iyi ikhale masentimita 6, iyi 5, iyo 4. Nthawi zonse zinkatheka. Kampasi ikazungulira uku n'kuzungulira uko, mizere inkakumana bwinobwino. Mwana amene wakula chotere amayamba kukhulupirira kuti chilichonse chimene aphunzitsi alemba pa bolodi chimatheka, ndipo chikamukanika ndiye kuti wolakwa ndi iyeyo.

Ndiye mumupatse 3, 4 ndi 8, muone zimene achite. Amene amakweza dzanja n'kunena kuti "Aphunzitsi, apa sizikukumana" ndi owerengeka. Ena amapinda mzere pang'ono ngati uta. Ena amatanula kampasi mwakachetechete. Ena amajambula ndi pensulo yobuntha kuti kunenepa kwa mzere kubise mpata, kenako n'kulemba 3 pambali pa mzere umene rula ikunena kuti ndi wa masentimita 4 ndi theka. Anawa si oipa ayi. Akuchita zimene anazolowetsedwa, zopereka chimene wamkulu wapempha ngakhale chili chosatheka. Komabe tiyeni tizitchule zinthu ndi maina ake. Kulemba 3 pamene pali 4 ndi theka ndi bodza, ndipo ndi mphwake wa bodza la munthu amene mawa adzalembe m'buku kuti matumba a simenti anafika 50 pamene anafika 35. N'chifukwa chake tikunena kuti mphunzitsi wa masamu azipereka dala mafunso amene yankho lake loona ndi lakuti "sizingatheke", ndipo mwana amene wayankha choncho n'kuonetsa chifukwa chake azilandira malikisi onse, osati ndodo kapena kusekedwa.

Kuti nkhaniyi isaoneke ngati ya m'kalasi mokha, tiyeni tipite nayo ku Nkhulambe. Amene mumachokera kutali mwina dzinali munayamba kulimva mu Malichi 2023. Ndi dera la m'boma la Phalombe, kum'mawa kwa phiri la Mulanje, chakufupi ndi malire a Mozambique, ndipo pafupi pomwepo pali phiri la Michesi. Namondwe wa Freddy atagwetsa mvula masiku angapo osakata, madzi, matope ndi miyala ikuluikulu zinatsika m'mapiri n'kukokolola nyumba, minda, misewu ndi milatho. Chipatala chaching'ono cha Nkhulambe chinawonongeka, ndipo kwa masiku ambiri derali linali losafikika pa galimoto, moti thandizo lina linkachita kubwera pa helikopita. Akuluakulu a ku Phalombe anakumbukira Malichi wina, wa 1991, pamene madzi ochokera m'phiri la Michesi anapha anthu mazanamazana, ngozi imene mpaka lero anthu amaitchula ndi dzina la Napolo.

Sitikunena kuti masamu akanaletsa phiri kugumuka. Palibe thirayango imene ingaime pamaso pa mwala waukulu ngati nyumba. Koma madzi akaphwa pamatsala ntchito yomanganso, ndipo ntchito imeneyo siigwira mainjiniya a ku Blantyre. Amaigwira amisiri a m'midzi momwemo, ena a iwo anyamata amene analekera sukulu panjira, ndipo zida zawo ndi tepi, sowo, hamala ndi masamu amene anatsala m'mutu.

Denga la nyumba ya malata, mukaliyang'ana chakumutu kwa nyumba, ndi thirayango. Mtanda umagona kuchokera khoma ili kukafika khoma ilo, ndipo mapaso awiri amakwera n'kukakumana pamwamba. Amisiri amati thirasi. Tiyerekeze kuti nyumba ndi yamamita 6 m'lifupi. Mapaso awiri aja, kuyeza kuchokera pakhoma kukafika pamene akumanirana, ayenera kuposa mamita 6 mukawaphatikiza, kutanthauza kuti lililonse lipose mamita 3. Likachepera, mapaso sakumana, ndipo thabwa limene wadula kale silibwereranso. Amene anagulako matabwa chitsikireni mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 akudziwa kuti kulakwitsa kotereku si nkhani yoseka. Kwa banja limene lachoka kumene m'kampu ya anthu othawa madzi, thabwa limodzi lotayika ndi ndalama ya chakudya cha masiku angapo.

Komatu mmisiri aliyense, ngakhale wongoyamba kumene, sangadule phaso lochepera theka la nyumba. Pamene pali nkhani yeniyeni ndi pamwamba pang'ono pa malirewo. Phaso likakhala la mamita 3 ndendende, denga lagona pa mtanda. Mukawonjezera masentimita 5 okha, nsonga ya denga imakwera masentimita pafupifupi 55. Mukawonjezera 10, imafika pafupifupi 78. Phaso likakhala la mamita 3 ndi theka, denga limakwera pafupifupi mita imodzi ndi masentimita 80. Kuwerengera kwake ndi kwa Pythagoras kuja tinakumana nako ku sekondale, ndipo aliyense angathe kutsimikiza yekha pa pepala. Taonani mmene manambalawa akuyendera. Kufupi ndi malire, kachidutswa kosafika kutalika kwa chala kamasintha denga lonse. Munthu wofuna kupulumutsa matabwa amakopeka kudula mofupikira malire, poganiza kuti masentimita ochepa alibe kanthu, koma ndi pamenepo pamene masentimita ochepa ali ndi kanthu kwambiri.

Denga lathyathyathya lili ndi mavuto ake odziwika. Madzi sathamanga, amabwerera m'malumikiziro a malata n'kuyamba kudontha. Mphepo yamphamvu ikamadutsa pamwamba imaliyamwa n'kufuna kulinyamula kuposa mmene imachitira ndi denga lotsetsereka bwino. Ndipo mapaso akagona kwambiri amakankhira kunja ndi mphamvu yaikulu, moti mtanda ndi misomali ya m'malumikiziro zimakhala pa ntchito yoposa msinkhu wake. Lamulo lathu lija limangonena ngati thirayango itheka kapena ayi, silinena ngati ndi yodalirika. Koma mwana amene anagwira timitengo ndi manja ake, n'kuona thirayango ikuphwa pang'onopang'ono pamene mbali ziwiri zikuyandikira kufanana ndi yachitatu, amakhala ndi chithunzi chimenecho moyo wake wonse. Amene anangoloweza zilembo zitatu ndi kachizindikiro pakati alibe chithunzi chilichonse.

Wina angafunse kuti n'chifukwa chiyani amisiri amaikonda chotere thirayango. Khomererani timatabwa tinayi m'makona mwake, muona kuti chinthucho chimagwedera, chimapendekera uku ndi uku. Khomererani titatu, sichisuntha. Mbali zitatu zikangodziwika kutalika kwake, ndipo zikakwanitsa lamulo lija, pamatuluka thirayango imodzi yokha, palibenso ina. N'chifukwa chake chitseko cha matabwa chimakhala ndi thabwa lopingasa kumbuyo, n'chifukwa chake felemu ya njinga ya kabaza imanyamula matumba a chimanga osapindika, ndiponso n'chifukwa chake milatho yachitsulo ya Bailey, imene imaikidwa mwachangu mlatho ukakokoloka, ndi yodzaza ndi zitsulo zopingasa. Amene tinadutsa mu Pathfinder tinamangapo timiyendo titatu ndi chingwe kumisasa, osadziwa kuti tikuchita phunziro lomwelo limene Lolemba tinkaliona ngati lachilendo pa bolodi.

Kunyoza lamuloli sikunayambe lero. Euclid, amene ankaphunzitsa ku Alexandria m'dziko la Egypt zaka pafupifupi 300 Yesu asanabadwe, analiika m'buku loyamba la Elements pa nambala 20, n'kulitsimikiza mwadongosolo, sitepe ndi sitepe. Pa nambala 22 anaonetsa mmene munthu angajambulire thirayango atapatsidwa mizere itatu, ndipo anayamba wachenjeza kuti mizereyo iyenera kukwanitsa lamuloli. Proclus, amene analemba ndemanga pa bukuli patapita zaka zoposa 700, akutiuza kuti otsatira a Epicurus ankaseka zimenezi. Ankati ngakhale bulu amazidziwa, pakuti ukamuikira chakudya pa ngodya imodzi iye ali pa ngodya ina, amalunjika, sazungulira mbali ziwiri. Kwathu kuno tinganene za mbuzi yothamangira madeya, kapena za ophunzira anzathu amene apanga njira pakati pa kapinga ngakhale pali chikwangwani choletsa.

Anthu aja sananame. Mbuzi imalunjikadi. Proclus anawayankha kuti kuona chinthu ndi maso n'kosiyana ndi kudziwa chifukwa chake, ndipo ife tikuwonjezera kuti mbuzi imadziwa ndi miyendo, ili pamalopo, madeya akuoneka. Ipatseni manambala atatu pa pepala, idya pepalalo. Chimene sukulu iyenera kupatsa mwana ndi kutha kuweruza chinthu chisanamangidwe, thabwa lisanadulidwe, ndalama isanatuluke m'thumba. Ndipo pali zina zimene miyendo singakuuze. Mbali ziwiri zikakhala 5 ndi 8, yachitatu singafike 13, izi n'zosavuta kuona. Koma singakhalenso 3 kapena kucheperapo, pakuti pamenepo 5 ndi iyoyo alephera kuposa 8. Ndiye kuti mbali yachitatu ili m'khola, pakati pa 3 ndi 13, pakati pa kuchotsera ndi kuphatikiza. Ana ambiri amakumbukira mpanda wakumtunda n'kuiwala wakumunsi. Palinso chidule chimene mwana amasangalala akachitulukira yekha: sipafunika kuyesa katatu. Pezani mbali yaitali kuposa zonse, phatikizani ziwiri zotsalazo, muone ngati zikuiposa. Zikaiposa, zina zonse zili bwino.

Taganizirani izi pa nkhani ya malo. Madzi atasintha njira za mitsinje ndi kukwirira minda ndi mchenga, anthu ambiri anafunika kupeza pokhala ndi polima patsopano. Tiyerekeze kuti munthu akukugulitsani kamunda ka ngodya zitatu, malire ake owongoka, ndipo pa pepala la mgwirizano walemba kuti mbali ina ndi mamita 20, ina 30, ina 60. Simufunika kupita kumundako kuti mudziwe kuti china chake chalakwika. Munda wotere kulibe pa dziko lino, pakuti 20 ndi 30 akungokwana 50. Mwina woyezayo anaphonya, mwina pali chinyengo, koma mwana wa Fomu 1 amene waima pambali pa amayi ake angathe kunong'oneza kuti, "Amayi, musasaine kaye." Safunsa anadya phula. Mwana ameneyu sangatuluke m'kalasi momwe funso lililonse linali lotheka.

Tsono mwana wa ku Nkhulambe ali ndi funso lake limene mphunzitsi ayenera kulikonzekera, ndipo ndi funso labwino. Kuchokera ku Nkhulambe kupita ku boma la Phalombe, njira yachidule ndi yodutsa pampata wa pakati pa mapiri a Mulanje ndi Michesi, pamene Angerezi anamanga linga la Fort Lister mu 1893 pofuna kutseka njira ya ogulitsa akapolo. Ogulitsa akapolowo ankadutsa pamenepo pa chifukwa chomwecho cha mbuzi ija, kupewa kuzungulira phiri. Njira ina ndi yozungulira Michesi kudzera ku Chiringa ndi Migowi. Pa mapu, yoyambayo ili ngati mbali imodzi ya thirayango, yachiwiriyo ngati mbali ziwiri. Koma mwana amene wakwerapo chitunda chimenecho atasenza katundu, kapena amene anaona msewu utaduka nthawi ya mvula, adzanena kuti, "Aphunzitsi, nthawi zina kuzungulira n'kumene kumafikitsa msanga."

Mwanayo akunena zoona, ndipo mphunzitsi amene angamukhalitse pansi wataya phunziro labwino kuposa limene anakonzekera. Lamuloli limanena za kutalika kwa mizere yowongoka. Silinena za nthawi, za thukuta, za mtengo wa njinga yamoto, kapena za mtsinje wodzaza. Msewu weniweni umakhota, umakwera, umatsika. Kudziwa pamene lamulo likugwira ntchito ndi pamene lalekera ndi mbali ya kulidziwa lamulolo. Ndipo mwana akaona kuti zimene amadziwa za kwawo zalandiridwa m'kalasi ya masamu, n'kuyesedwa mofatsa, amayamba kuona masamu ngati ake, osati katundu wa eni amene wangosungitsidwa mpaka tsiku la mayeso.

Nanga tingaphunzitse bwanji m'sukulu momwe ana ndi ochuluka kuposa madesiki, ndipo bokosi la zida za masamu lili ndi ana awiri kapena atatu okha? Apa ndiye palibe chodandaulira, pakuti phunziro ili zida zake zili kuseri kwa kalasi. Mwana aliyense abwere ndi phesi la chimanga kapena kabango. Alithyole pawiri kuti pakhale zidutswa zitatu, ayese kupanga thirayango pansi. Ena zitheka, ena zikanika. Amene zawakanika asabise, aimirire ndi zidutswa zawo m'manja, kalasi yonse iziyang'ane. Mphunzitsi asanene kanthu, angofunsa kuti, "Zidutswa za anzathuwa zikufanana pati?" Sipatenga nthawi, wina anena kuti onsewo ali ndi chidutswa chimodzi chachitali kwambiri. Chachitali bwanji? Apa mkangano uyamba, ndipo usathamangiridwe. Pomaliza afika okha poona kuti chidutswa chimodzi chikafika theka la phesi lonse kapena kupitirira, zatha, pakuti ziwiri zotsalazo sizingachipose.

Akatswiri a masamu anawerengera kale kuti phesi likathyoledwa pamalo awiri osankhidwa mwachisawawa, popanda kuyang'ana, mwayi woti zidutswazo zipange thirayango ndi umodzi mwa inayi. Ndiye kuti kukanika ndiko kochuluka, kutheka ndiko kosowa. Izi zimadabwitsa ngakhale ife akuluakulu, chifukwa mabuku anatizolowetsa mbali imodzi yokha. M'kalasi zotheka zimachulukirapo kuposa pamenepo, popeza dzanja la mwana limakonda kuthyola zidutswa zofananako, ndipo ena amachita dala akangozindikira chimene chikufunika. Zimenezonso n'zokambirana.

Bokosi limodzi la machesi likwanira tsiku lachiwiri. Ndi timitengo 3 ta machesi thirayango imatheka. Ndi 4 sitheka, yesani mmene mungayesere popanda kuthyola. Ndi 5 itheka imodzi, ndi 6 imodzi, ndi 7 ziwiri. Ndi 12 zitheka zitatu zokha: ya 4, 4, 4, ya 5, 5, 2 ndi ya 3, 4, 5. Yomalizayi ana a amisiri aizindikira msanga, chifukwa ndi imene abambo awo amagwiritsa ntchito ndi chingwe ndi zikhomo pofuna kuti kona ya maziko a nyumba ikhale yowongoka. Pokhapokha izi zitachitika m'pamene kampasi ibwere, kuti aone pa pepala chimene manja aona kale: mizere iwiri yozungulira imene ikulephera kukumana, kapena ikungogundana pamalo amodzi, kapena ikudutsana bwino.

Pali nkhani ya chiyankhulo imene sitingailumphe. Mayeso a MSCE amalembedwa m'Chingerezi, ndipo mwana ayenera kudziwa kulemba lamuloli m'Chingerezi ndi m'zizindikiro zake. Palibe akutsutsa. Koma kuzindikira kumabwera m'chiyankhulo chimene mwana amakanganira ndi mnzake, ndipo ku Nkhulambe chimenecho ndi Chichewa, mwinanso chosakaniza ndi mawu a Chilomwe cha agogo. Mwana akanena kuti "ziwirizi zafupika, sizikupezana", wanena masamu athunthu. Ntchito ya mphunzitsi ndi kumuonetsa kuti zimene wanenazo ndi zomwezo zimene zalembedwa ndi zilembo m'buku. Kumuletsa kuyankhula mpaka atapeza Chingerezi chake ndi njira yachangu yomusandutsa wojambula mizere yopindika uja.

Tikudziwa zimene aphunzitsi amene atitsogolera pa ntchitoyi anganene, ndipo sitikuzipeputsa. Choyamba ndi nthawi. Silabasi ndi yaitali, teremu ndi yaifupi, ndipo m'madera ngati Nkhulambe masiku ena amadyedwa ndi mvula, ena ndi makalasi amene asanduka pogona anthu othawa madzi. Kuthera mapiriyodi awiri pa mapesi kungaoneke ngati kusewera. Koma tiwerengere bwino. Lamulo lolowezedwa limafuna kubwerezedwa Fomu 2, kubwerezedwanso Fomu 4, n'kuiwalikabe. Lamulo limene mwana walipeza ndi manja ake silifuna kubwereza kotere, ndipo limatsegula njira ya mitu ina, monga kujambula ndi kampasi ndi kufanana kwa mathirayango. Mapiriyodi awiriwo amabwezedwa.

Chachiwiri n'chakuti ana aulesi apezerapo pothawira. Funso likangovuta azilemba kuti "sizingatheke" n'kupinda manja. Izi zingachitike ngati mawu okhawo ndiwo akupatsa malikisi. Koma "sizingatheke" wopanda umboni ndi chimodzimodzi thirayango yonama ija, zonse ndi zongolemba. Mwana aonetse kuti 3 kuphatikiza 4 ndi 7, ndipo 7 ndi wochepa kwa 8. Akatero wagwira ntchito yoposa ya mnzake amene wangotsatira masitepe. Ndipo mafunso osathekawo asamalengezedwe, azisakanikirana ndi otheka, kuti mwana azolowere kuyeza kaye asanatole kampasi.

Chachitatu ndicho chovuta kwenikweni, ndipo sichinenedwa mokweza. Ife tinaleredwa kuti mwana satsutsa wamkulu. Kwa ena, mwana kuuza aphunzitsi kuti funso lawo silingatheke ndi mwano, ndipo akayamba m'kalasi adzapitiriza kunyumba ndi kutchalitchi. Ife amene tinaphunzira m'masukulu a mpingo ulemu timaudziwa ndipo timaufuna. Koma ulemu uli m'kanenedwe, m'kukweza dzanja, m'kudikira mpata, m'mawu akuti "pepani aphunzitsi". Suli m'kuvomera chimene maso ako akuona kuti si choona. Buku la Education la Ellen G. White, limene linatuluka mu 1903 ndipo timaliwerenga m'maphunziro athu a uphunzitsi, limalimbikira mfundo yakuti sukulu itulutse achinyamata otha kuganiza paokha, osati ongobwereza za ena. Mfundoyi timaikonda pa mapemphero a m'mawa ndi pa mwambo wa omaliza maphunziro. Malo ake oyesera ndi piriyodi ya masamu ya Lachitatu masana, pamene kamtsikana ka kumbuyo kanena monjenjemera kuti manambala a aphunzitsi sakupezana, ndipo kalasi yonse yakhala chete kudikira nkhope ya aphunzitsi.

Dera ngati Nkhulambe likufunika anthu otere kuposa malo ena ambiri. Kumene kukumangidwa zinthu zambiri nthawi imodzi, nyumba, makalasi, milatho, kumadutsanso mapepala ambiri a miyeso ndi a ndalama, ndipo m'makomiti a sukulu ndi a chitukuko cha m'mudzi mumakhala anthu wamba amene amapemphedwa kuvomereza. Munthu amene anaphunzira ali wamng'ono kuti manambala atatu olembedwa mwaukhondo angathe kukhala osatheka, amawerenga pepala lotere ndi diso lina.

Phunziroli lingathenso kutuluka m'kalasi n'kukwera kumunda. Alangizi a zaulimi akhala akuphunzitsa alimi a m'malo otsetsereka kupanga chida chooneka ngati chilembo A, choyezera akalozera kuti madzi asamathamange ndi nthaka. Mitengo iwiri yofanana imamangidwa pamwamba, wachitatu umapingasa pakati, ndipo chingwe chokhala ndi mwala chimalendewera kuchokera pansonga. Gulu la ana a Fomu 1 lingathe kuchipanga ndi nsungwi ndi luzi. Miyendo ikakhala ya mamita 2, ndipo wopingasa akamangidwa pakatikati pa mwendo uliwonse, mita imodzi kuchokera pamwamba, afunseni anawo kuti wopingasayo angatalike mpaka pati. Amene anathyola mapesi ayankha kuti sangafike mamita 2, ndipo ena awonjezera kuti akayandikira pamenepo chidacho chitambalala mpaka mwala ugunda pansi. Akasankha wa mita imodzi, mapazi a chidacho atalikirana mamita 2 ndendende, ndipo angathe kuwerenga kutalika kwa kalozera pongowerenga kuti atembenuza chidacho kangati. Chotsala ndi kuchiimika, kulemba pamene chingwe chadutsa pa wopingasa, kusinthanitsa miyendo pamalo omwewo, kulembanso, n'kuika chizindikiro pakati pa malo awiriwo. Kuyambira pamenepo, chingwe chikagwera pa chizindikirocho ndiye kuti mapazi onse awiri ali pamlingo umodzi, ndipo mnzawo wonyamula zikhomo akhome.